A Mlangeni ndi Ng'ombe Yopanda Linunda

Loweruka lapitali tinakaona chiliza cha a Damiano Mlangeni. Chaka chatha chimwalirire iwo. Ana awo anandipempha kuti ndilankhule pamanda m'malo mwa sukulu, ndipo ndinalankhula mwachidule monga timachitira. Ndinati anali munthu wabwino, wokonda ana. Pobwerera kunyumba ndinachita manyazi, chifukwa mawu amenewo angayenere aliyense wogona m'manda aja. Zimene ndinasiya kunena ndikuzilemba pano.

A Mlangeni sanali mphunzitsi wa boma. Ku koleji sanapiteko, ndipo dzina lawo silinali pa mndandanda wa aphunzitsi. Koma kwa zaka zambiri, Lachitatu lililonse ana akaweruka, ankafika pa sukulu yathu ya pulayimale, cha kuno ku Nzama, kudzaphunzitsa ana kujambula zithunzi. Ahedi ankabwera n'kupita, ndipo aliyense ankapeza kuti Lachitatu masana lili ndi mwini wake kale. Ine ndinaphunzira kwa iwo ndili mwana. Nditakula ndinakhala mlembi wa komiti ya sukulu, ndipo ndine amene ndinanyamula kalata yowalanda Lachitatulo.

Ankabwera ndi thumba la feteleza paphewa. Munkakhala makala, katondo wosefa m'kachitini, phulusa, mwaye wokanda kudenga la khitchini, ndi mapepala a matumba a simenti amene ankapempha kwa amisiri omanga nyumba. Burashi ankapanga okha ndi ubweya wa kumchira kwa ng'ombe. Nyengo yokumba mbatatesi ankatola ting'onoting'ono tokanidwa ndi ogula, ana n'kumatisema, kuviika mu katondo, kudinda maluwa pa nsalu zakutha. Amayi ambiri sankalikonda Lachitatu. Yunifolomu yochapidwa Lamlungu inkabwera kunyumba ili psuu.

Pepala sankapereka msanga. Mwana ankayamba pansi, pabwalo, ndi kamtengo. Ukafuna kujambula nkhuku ankakutuma kuti ukakhale pafupi ndi nkhuku mpaka udziwe kumene mwendo wake umapindikira. Ankanena kuti dzanja limangotumidwa, wojambula ndi diso, koma diso ndi laulesi, limafulumira kunena kuti chinthu ichi ndikuchidziwa kale. Mawu akuti "zabwino" sankatuluka pakamwa pawo. Ukawapatsa pepala lako, mayankho anali awiri okha. Kawirikawiri ankati, "Bwerera ukayang'ane." Mwa apo ndi apo ankati, "Wayang'ana." Yankho lachiwirili ine ndinalimva kamodzi kokha, pa chithunzi cha khasu.

Matabuleti anabwera ndi bungwe lina, pamodzi ndi sola ya padenga ndi kabati yachitsulo yosungiramo. Anali ophunzitsira ana a makalasi oyambirira kuwerenga ndi masamu, koma munalinso pojambulira ndi chala, ndipo ya mphunzitsi inali ndi kamera. Woyang'anira anali Madamu Ngozo, mayi wachitsikana wa ku Kasinje, wongomaliza kumene koleji, wosaopa munthu wamkulu pa nkhani imene akuidziwa. Ine zinandisangalatsa, ndipo mpaka lero zimandisangalatsa. Mwana amene kwawo kulibe ngakhale pensulo ankapeza mitundu yonse pa nsonga ya chala chake. Ana amanyazi, amene ankaopa kuononga pepala la a Mlangeni, anayamba kujambula.

A Mlangeni anakana kuikhudza. Dzina loti tabuleti sankalitchula, ankati galasi la Madamu. Tsiku lina ndinawapeza awiriwa pakhonde la kalasi, Madamu akuwauza mmene mwana amafufutira mzere wolakwika pongogunda kachizindikiro.

"Ndiye walakwitsa, wagunda, basi zatha?" anafunsa a Mlangeni.

"Zatha, agogo. Ayambirenso."

"Nanga aziopa chiyani?"

"Kodi tinabwera kudzaphunzitsa mantha?"

"Mwana wodziwa kuti pepala ndi limodzi amayamba wayang'ana. Anu awa azingopalasa ngati nkhuku padzala."

"Nanga pabwalo paja mumawayambitsira inu, akalakwitsa safufuta ndi phazi?"

A Mlangeni anatembenukira kwa ine. "A Mlembi, mulembe m'buku lanu lija kuti Madamu ali ndi pakamwa."

"Mulembenso kuti agogo sanayankhe," anatero Madamu.

Mkangano umenewu unatenga chaka. Madamu ankati mwana akajambula kakhumi amaphunzira kuposa wojambula kamodzi akunjenjemera. A Mlangeni ankati mtundu umene mwana sanaukumbe yekha saudziwa kulemera kwake. Pamsonkhano wa makolo ankakhala mbali zosiyana za bwalo. Moni ankapatsana, koma a Mlangeni ankangoti "Madamu" mouma, ngati akutchula udindo wa munthu amene alibe kwawo.

Kuuma kwawo pa nkhani ya kuyang'ana kunali ndi chiyambi chake. Ali mnyamata anapita ku migodi ya ku Joni monga anachitira bambo awo. Pansi anagwirako miyezi yochepa. Kapitawo wina anawaona akujambula nkhope za anzawo ndi choko pakhoma la komponi imene ankagonamo, n'kuwatumiza kwa olemba zikwangwani. Mumgodi munali anthu a zilankhulo zambiri, ochuluka osadziwa kuwerenga, ndiye chenjezo linkayenera kukhala chithunzi. Nthawi ina anauzidwa kujambula mmene amalumikizira ngolo zonyamula miyala. Anali atazionapo ngolozo, ndiye sanavutike kutsikira pansi kukayang'ananso. Anajambula za m'mutu, ndipo dzanja la munthu wa pachithunzipo analiika pamalo olakwika. Munthu wina wongofika kumene anatsatira chithunzicho, zala ziwiri zinatsala pakati pa zitsulo. Palibe amene anawaimba mlandu. Iwo okha ndi amene ankadziwa chimene munthuyo ankayang'ana. Nkhaniyi sankainena kwa ana. Ine anandiuza kamodzi, tikuchokera kumaliro, ndipo anamaliza ndi kunena kuti chithunzi chonama chimaluma ngati galu.

Ndi chifukwa chake zinali zodabwitsa pamene ana anayamba kunena kunyumba kuti masiku ano agogo afewa. Chilichonse ukawapatsa ankati, "Zabwino." Nkhuku ya miyendo itatu, zabwino. Ena anati ndi ukalamba. Ena anati agwa mphwayi chifukwa ana athamangira kwa Madamu. Ine ndinaganiza chimodzimodzi, ndipo sindinafunse.

Amene ankadziwa zoona anali akazi awo okha, a Najere. Anadzandiuza pambuyo pake, tili pakhonde pawo akutong'ola chimanga. Maso a a Mlangeni anali atayamba kufa matabuleti asanabwere. Munthu ankamuona ngati chitsa, njira ankaidziwa ndi mapazi, koma mzere wa makala papepala lofiirira la simenti unali utawathawa. A Najere ndi amene ankadula mapepala. Lachitatu lililonse ankasenza kathumba ka chimanga ngati akupita kuchigayo, n'kuwaperekeza mpaka pamphambano ya kusukulu.

"Chimanga chake chinali chomwechomwecho," anatero a Najere akuseka. "Kupita nacho, kubwera nacho. Ndinkawauza kuti a Mlangeni, uzani anthu, matenda sabisa. Iwo amvekere, ndikawauza andilanda ana. Ndiye ndinkati nanga galasi la Madamu likulakwirani chiyani? Amvekere, ndikaligwira aona kuti sindikuona."

Komiti inakumana kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Zifukwa zinali zomveka. Matabuleti anali ochepa, ana ankalowa mosinthana, ndipo Lachitatu masana linkafunika. Amayi anadandaulanso za sopo. Wina anati ngati chilichonse ndi zabwino, ana akupitiranji kumeneko. Wapampando anati tiwathokoze a Mlangeni mwaulemu pa ntchito ya zaka zonsezi, akapume. Ndinalemba kalatayo ndi dzanja langa, ndipo anandituma kuti ndikaipereke ndekha, poti ndinali mwana wawo wa sukulu.

Ndinapita Lachitatu lotsatira. Kunali mphepo ya mu Juni, yoti pabwalo fumbi linkalowa m'maso, ndiye anawo anali m'kalasi ya Sitandade 3. Madamu anakhala kumbuyo akuchonga makope. A Mlangeni anali atauza ana kuti ajambule ng'ombe. Ndinakhala pabenchi ya pakhomo, kalata ili m'thumba la jekete, kudikira kuti amalize.

Woyamba kubweretsa pepala anali Tadala, mtsikana wa luso kuposa anzake. Bambo ake ali ndi ng'ombe za pangolo, zimene zimatengera mbatatesi kumsewu wa ku Biriwiri. Ng'ombe ya Tadala inali yokongola, ya mawanga akuda ndi oyera, bere lalikulu, kabelu pakhosi. A Mlangeni analandira pepalalo ndi manja awiri. Analigwira chadodolido, miyendo ya ng'ombe italoza kudenga. Analiyandikitsa kumaso, anagwedeza mutu.

"Zabwino," anatero.

Palibe mwana anaseka. Anangoyang'anizana, ndipo ndinazindikira kuti aka sikanali koyamba. Ana anali atadziwa kale zimene ife akuluakulu sitinkaziona.

Madamu anatseka kope. Anatenga tabuleti yawo, anabwera kutsogolo.

"Tadala, bwera nalo ndilijambule, tilisunge," anatero. Anayala pepalalo patebulo, analijambula ndi kamera, kenako anaika tabuletiyo m'manja mwa a Mlangeni asanapeze mpata wokana. "Tandigwirirani, agogo. Ine zojambulazi sindizidziwa bwino. Mundiuze ngati mzere uwu uli bwino."

"Chotsani galasi lanu, Madamu."

"Ndichotsa. Mzere umodzi wokhawu."

Anaika zala ziwiri pagalasipo, n'kuzitambasula. Chithunzi chinakula mpaka mzere wa makala unanenepa ngati chingwe, wakuda bii pamalo owala. Kenako anayamba kuchikoka pang'onopang'ono, kuchokera kumutu kwa ng'ombe. A Mlangeni anali atatembenuza nkhope. Ndinaona akuibweza. Anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi.

"Imani pamenepo," anatero. "Iyi ndi nyanga."

"Ndi nyanga."

"Pitirizani. Khutu. Khosi. Musathamange."

Madamu anakoka. Mzere wa msana unadutsa pagalasipo, wowongoka ngati thabwa, kuchokera pakhosi mpaka kumchira.

"Bwezani."

Anabweza. Anakokanso.

"Linunda lili kuti?"

Ndinaimirira kuti ndione. Ng'ombe ija inalibe linunda. Ndinali nditaiyang'ana patebulo paja n'kuiyamikira mumtima. Ndinabadwira pafupi ndi khola, koma sindinaone kanthu.

"Wajambula ndani?" anafunsa a Mlangeni. Mawu awo anali atabwerera akale aja, amene ndinkawaopa ndili mwana.

"Ndine, agogo. Tadala."

"Ng'ombe iyi ndi ya yani?"

"Ya mu tabuleti, agogo. Ya m'phunziro la kuwerenga."

"Yofiira ya bambo ako ija, goli amaliika pati?"

"Pakhosi, kutsogolo kwa linunda."

"Nanga yakoyi tikaimanga pangolo, goli likatsamira chiyani? Litsetsereka mpaka kumchira, mbatatesi zonse m'ngalande. Bambo ako adzagulitsa chiyani, kabeluka?"

Apa ndiye ana anaseka, Tadala yemwe anaseka atagwira pakamwa. A Mlangeni sanaseke. Analamula kuti mapepala onse abwere, ndipo Madamu ankajambula limodzilimodzi, kukulitsa, kukoka. Zinatenga nthawi. Ng'ombe pafupifupi zonse zinali za msana wa thabwa, za mawanga, zina ndi kabelu komwe. Ana a m'midzi ya makola, amene m'mawa uliwonse amaponda ndowe popita kusukulu, anajambula ng'ombe ya dziko lina, imene sanaionepo ikupuma.

Atamaliza, a Mlangeni anaika tabuleti pamiyendo.

"Ana inu," anatero, "ndakhala ndikukunamizani. Mapepala anu sindimawaona. Ndinkati zabwino chifukwa ndinkaopa. Amene ndinamuuza kuti zabwino, aiwale. Imirirani nonse."

Ng'ombe zinali kuseri kwa sukulu, zikudya mapesi m'munda wokololedwa. Tinapita konko, mphepo ili chomwecho. A Mlangeni anauza ana kuti aliyense ayende mozungulira ng'ombe imodzi, ndipo amene saopa aike dzanja pa linunda amve mmene limagwedezekera ng'ombe ikaponda. Madamu anajambula ndi kamera ng'ombe ina yaikulu pafupi, n'kuwapatsa tabuleti. Padzuwa sanaone kanthu, galasi linkangonyezimira. Madamu anamasula chitenje chimene anafunda paphewa, anawaphimba nacho kumutu pamodzi ndi tabuletiyo. Munthu wamkulu anaima pakati pa munda atafunda chitenje cha maluwa, ana atamuzungulira, ndipo mawu ankatulukira m'kati.

"Kulitsani diso. Eee. Nsidze zake zija. Ndinali nditaiwala kuti ndi zazitali chonchi."

Anakhalamo nthawi yaitali. Potuluka anapukuta kumaso ndi chikhatho, anapinda chitenjecho bwinobwino, anachipereka ndi manja awiri.

"Zikomo, Nangozo," anatero.

Kwathu kuno munthu ukamuthokoza ndi mfunda wake ndiye kuti wamulandira, wavomereza kuti ali ndi kwawo ndi makolo ake. Madamu anapinda maondo polandira chitenjecho. Kuyambira tsiku limenelo sindinamvenso a Mlangeni akuti Madamu.

Ana atabalalika, anandiitana.

"A Mlembi, inu simubwera Lachitatu. Chili m'thumbacho perekani."

Ndinati ndi kalata ya komiti.

"Ndikudziwa. Akunena zoona. Munthu wosaona asaphunzitse ana kuona. Perekani, Najere akandiwerengera."

Anatambasula dzanja. Madamu anaima pakati pathu.

"A Mlembi, kalatayo ibwerere kumene yachokera. Ng'ombe ija ine ndaionetsa ana chaka chonse. Kwathu ku Kasinje kuli ng'ombe, ndakamako ndi manja angawa. Sindinaone kuti ilibe linunda. Inu munaona?"

Ndinati sindinaone.

"Ndiye wosaona ndani pano?"

Kalata sindinaipereke. Ndinalibe mphamvu yosintha chimene komiti inagamula, ndipo ndinadziwa kuti ndikafunsidwa. Ndinapempha Madamu kuti Lachitatu lotsatira lichitike monga kale, ndipo Tadala ajambulenso.

Pamsonkhano wotsatira wapampando anafunsa ngati kalata inafika. Ndinaitulutsa n'kuiika patebulo ili yomata. Anati a Mlembi mwayamba kusankha makalata oti mupereke? Ndinati ndikupempha kuti ayambe aona zithunzi ziwiri, akatero andidzudzule. Madamu anayendetsa tabuleti kuchokera kwa munthu uyu kupita kwa uyo. Bambo a Tadala anali membala wa komiti. Ataona chithunzi choyamba anafunsa kuti ng'ombe imeneyi ndi ya kuti. Ndinati wajambula ndi mwana wanu.

"Mwana wanga? Amene amatsegula khola m'mawa?"

Kenako anaona chachiwiri. Inali ng'ombe yofiira ndi katondo, ya linunda lopendekera kumanzere, nyanga imodzi yothyoka nsonga, ndi chipsera cha goli pakhosi.

"Iyi ndi yanga," anatero. "Nyanga iyi inathyokera pamlatho." Anaigwira tabuletiyo osafuna kuipatsira wina.

Ndinafotokoza zonse, za maso zomwe, poti a Mlangeni anandilola. Mayi wina anafunsa kuti nanga za sopo zitha bwanji. Anagwirizana kuti Lachitatu mwana azibwera ndi malaya akutha m'chikwama. Wapampando anang'amba kalata ija yekha, koma anandiuza kuti ndilembe m'buku kuti mlembi anachenjezedwa. Ndinalemba.

A Najere anatengera a Mlangeni kuchipatala sabata yomweyo. Madokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo maso apitirira kuzima. A Mlangeni anabwerako n'kunena kuti ndiye tifulumire.

Anaphunzitsa zaka zina ziwiri, iwo ndi Madamu pamodzi. Kayendetsedwe kake kanali kotere. Ana ankayamba panja, kukayang'ana chinthu chenicheni, kaya ngolo, kaya mpondero wa njinga, kaya manja a mayi wosenda mbatatesi. Akabwerako ankayeserera pa tabuleti kangapo konse, kufufuta mmene angafunire. A Mlangeni anavomera kuti galasi ndi bwalo lopanda fumbi, ngakhale sananene kuti Madamu ankanena zoona pakhonde paja. Kenako mwana ankalandira pepala limodzi, makala ndi katondo. Pa nkhani ya mitundu sanagonje, ana ankakumbabe okha. Pepala likatha, Madamu ankalijambula ndi kamera n'kulipititsa kwa agogo.

Poti kuwala kunkawalepheretsa kuona, Madamu anawakonzera malo pakona ya kalasi, kuseri kwa kabati ya matabuleti, ndipo pawindo la pamenepo anakhomapo chiguduli. A Mlangeni, amene moyo wawo wonse anaphunzitsira padzuwa, anakhala mu mdima wa pakona imeneyo pampando wa ndalema umene anabwera nawo kuchokera kunyumba. Ana ankaima pamzere. "Zabwino" sanamvekenso.

Anali ndi chidwi ngati mwana. Ankapempha Madamu kuti awapezere zithunzi za anthu a maiko ena, akale ndi a lero, n'kumazikulitsa mpaka aone mmene burashi inayendera. Ena ankawayamikira, ena ankati akanabwerera akayang'ane. Ankafuna kuti ana azionenso, koma atayamba ajambula zawo. Zithunzi za ana zinayambanso kuyenda. Abambo ambiri a kuno ali ku Joni monga kale, ndipo Madamu ankatumiza pafoni chithunzi cha mwana kwa bambo ake. Wina anayankha kuti wazindikira nkhokwe ya kwawo ndi kupendekeka kwake. A Mlangeni anauza mwanayo kuti ngati munthu ali kutali chotero waizindikira, iwo alibe chowonjezera.

Kukangana sikunathe. Madamu ankati agogo amachedwetsa mzere, mwana mmodzi mpaka batire kutha. Iwo ankati Nangozo amathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu. Tsiku lina sola inavuta sabata yathunthu, ndipo a Mlangeni anafika Lachitatu n'kupeza matabuleti ali ozima. Anafunsa kuti galasi langa lili kuti. Madamu anati, "Layamba liti kukhala lanu?"

Chaka chomaliza ngakhale mzere wonenepa uja unayamba kusowa. Ndinaganiza kuti tsopano asiya. Sanasiye. Anayamba kupatsa mwana mwini wake tabuleti, iwo atakhala pandalema maso ali kudenga.

"Kulitsa. Uli pati?"

"Pamwendo wakutsogolo, agogo."

"Ukuchokera pati?"

"Pamimba."

"Mbuzi ya kwanu mwendo umachokera pamimba?"

Mwana ankayang'ana chithunzi chake chimene chakula kuposa mmene anachijambulira. Kenako ankati, "Ndibwerere, agogo." Ankapita asanauzidwe. Ndinaonerera zimenezi kangapo, ndipo ndikukhulupirira kuti miyezi imeneyo ndi imene anaphunzitsa bwino kuposa zaka zonse. Ana a nthawi imeneyo amajambula kuposa mmene ife tinkajambulira, ndipo saopa pepala.

Chimene chinawatenga si maso, ndi chifuwa chimene anabwera nacho ku migodi. Anadwala masabata atatu. Pamaliro panaimba kwaya ya tchalitchi, ndipo amuna ovina gule wa ngoma anabwera ndi zishango zawo kudzaperekeza mnzawo. Madamu anakhala pakati pa amayi a pabanjapo, pafupi ndi a Najere, ndipo palibe anafunsa kuti akhaliranji pamenepo.

Lachitatu likadalipo, Madamu ndi amene akuliyendetsa. Dzulo ndinapita kusukulu kukasiya buku la komiti, ndipo ndinalowa m'kalasi muja ana ali panja. Chiguduli chikadali pawindo, chayera ndi dzuwa, ngodya imodzi yazuka pamsomali. Ahedi atsopano anati chichotsedwe chifukwa chikudetsa kalasi, Madamu anati adzachotsa, ndipo miyezi yapita. A Najere anakana kutenga ndalema. Nsalu yake yafwifwa ndipo inalowa pakati potsata thupi la mwini wake. Pakhoma, pamene ankatsamiritsa mutu, laimu anada. Pansi simenti inakumbika malo awiri pamene pankakhala zidendene.

Ndili chiimire, analowa mtsikana wamng'ono amene sindikumudziwa, manja ali ofiira ndi katondo, tabuleti ataigwirira m'mphepete kuti asaidetse. Anandipatsa moni, anandidutsa, anapita pakona paja poti ndi pamene galasi limaoneka bwino. Pampando sanakhalepo. Anaima pambali pake, anatambasula zala ziwiri, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsonya pang'ono, anaika tabuleti pakabati, n'kutulukanso panja.